Mgaiwa ubwerere m'mbale, ndalama ipite ku ndiwo

Mtengo wa chimanga ukangoyamba kukwera, makamaka m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale pomwe nkhokwe zambiri zimakhala zitagwa, mkangano wa mgaiwa umadzukanso. Wazaumoyo akanena pa wailesi kuti mabanja azidya mgaiwa, mafoni amayamba kulira. Ena amati ndi chipongwe kuuza munthu wovutika kuti adye nsima ya kundende. Ena amati makolo athu amene ankakonola pamtondo mpaka manja kuchita matuza sanali opusa. Enanso amangodula nkhani: nsima ndi yoyera, zinazo ndi za nkhuku. Ine ndaima mbali imodzi. Pakhomo pomwe ndalama ya chakudya ikuchita kuwerengedwa, nsima ya tsiku ndi tsiku iyenera kukhala ya mgaiwa, ndipo ndalama yomwe yapulumuka ipite ku ndiwo: nyemba, nsinjiro, usipa ndi masamba. Mbali yachiwiriyi ndi yolemera ngati yoyamba, chifukwa mgaiwa wodyera mchere kapena repu wowiritsa tsiku ndi tsiku sungathandize aliyense.

Tiyambe ndi masamu, poti nkhani yonse yagona pamenepo. Kuti ufa woyera upezeke, chimanga chimakonoledwa, kupetedwa, mphale n'kuviikidwa masiku awiri kapena atatu, kutsukidwa, kuyanikidwa, kenako kubwerera kuchigayo. Pa ulendo wonsewu, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chimangacho limatsala m'njira ngati gaga, madeya ndi zosungunukira m'madzi oviikira. Kutanthauza kuti thumba la makilogalamu 50 limatulutsa ufa woyera wokwana makilogalamu 33 kapena 35, pomwe thumba lomwelo likagayidwa mgaiwa limabwera kunyumba pafupifupi lathunthu. Tiyerekeze banja la anthu asanu ndi mmodzi lomwe limadya nsima masana ndi madzulo, n'kumatha makilogalamu awiri a ufa pa tsiku. Ufa woyera uwafikitsa masiku 17, mgaiwa uwafikitsa masiku 24. Sabata yathunthu pa thumba lililonse. Onjezerani kuti wokonola amalipira kuchigayo kawiri, amatunga madzi oviikira, ndipo amataya tsiku akulondera mphale pamkeka kuopa mbuzi ndi mvula. Amene akukayika masamuwa ayeze yekha ndi ndowa imodzi: chimanga chisanapite kuchigayo, ndi ufa ukabwera.

Chotayikacho si makoko chabe. Kukonola kumachotsa khungu la njere pamodzi ndi kamtima kake, ndipo m'kamtimamo ndi momwe muli mafuta a chimanga, gawo labwino la mapulotini, mavitamini a gulu la B, ayironi ndi zinki. Kuviika kumatsukanso zina mwa zotsalazo. Chofika m'mbale chimakhala chokhutitsa basi, chopatsa mphamvu koma chosamanga thupi kwenikweni. Ufa wa m'mapaketi wochokera m'makampani akuluakulu amauwonjezera mavitamini motsata lamulo, monga momwe amachitira ndi shuga ndi mafuta ophikira, koma mabanja ambiri sagula umenewo. Amagayitsa pachigayo cha m'mudzi kapena cha pamsika, pomwe palibe chomwe chimabwezeredwamo. M'dziko lomwe kafukufuku wa zaumoyo wa 2015 ndi 2016 adapeza kuti ana 37 mwa ana 100 alionse osakwana zaka zisanu ndi opinimbira, kulipira ndalama kuti tichotse zabwino m'chimanga ndi chinthu chofunika kuchiganiziranso.

Komabe ndisakokomeze, chifukwa okonda mgaiwa ena amaulankhula ngati mankhwala. Chimanga, chikhale chokonola kapena ayi, chili ndi malire ake. Mapulotini ake ndi operewera, ndipo vitamini wotchedwa niacin ali m'menemo momangika, thupi silimutenga bwino. Dziko lino lidaziona zimenezi mu 1990, pomwe anthu masauzande ambiri othawa nkhondo ya ku Mozambique adadwala pellagra, nthenda yosupula khungu m'malo oomba dzuwa, mtedza utasiya kufika m'chakudya chomwe ankalandira. Chimanga chidalipo, chidasowa ndi ndiwo. N'chifukwa chake ndikuumirira kuti sabata yopulumukayo isanduke nyemba ndi mtedza. Nyemba zimakwaniritsa zomwe zikusowa m'mapulotini a chimanga, mtedza uli ndi niacin wambiri. Odwala shuga nawonso amve bwino: kuchipatala amalangizidwa mgaiwa, koma mitanda inayi ya mgaiwa ikwezabe shuga. Muyeso ndiwo ukulamula.

Tsopano timve otsutsa. Mfundo yoyamba, yomwe ndi yamphamvu kuposa momwe azaumoyo amavomerezera, ndi ya kukoma ndi ulemu. Ambiri adaudziwira mgaiwa kusukulu yogonera komweko, kuchipatala kapena m'chaka cha njala, ndipo kumeneko unkabwera wa mibulu, wosapsa, nthawi zina wonunkha thumba, ndiwo zake nyemba za anankafumbwe. Munthu wotere akati sakufunanso kuuona, sakunama. Koma chomwe adadana nacho ndi kaphikidwe ka mumgolo wa anthu mazana atatu. Mgaiwa suphikidwa ngati ufa woyera. Umamwa madzi ambiri ndipo umafuna moto wautali. Pa kilogalamu imodzi ya ufa konzani madzi pafupifupi malita awiri ndi theka mpaka atatu. Madzi akangofunda, asanawire, thirani gawo limodzi mwa magawo anayi a ufawo pang'onopang'ono uku mukutakasa, chifukwa kuthira m'madzi owira ndi kumene kumabala mibulu. Phala likayamba kubwata, vundikirani ndipo lilekeni libwate mphindi 10 mpaka 15. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa: amathamangira kuvundula phala lisanapse, nsima n'kumamveka ufa mkamwa ndi kutsamwitsa. Mukatero thirani ufa wotsalawo chikhatho chimodzi chimodzi, kuvundula mpaka yasalala, musailimbitse kwambiri chifukwa mgaiwa umalimbirabe m'mbale. Pomaliza vundikiraninso mphindi zisanu pamoto wochepa musanaomole. Ngati chigayo chagaya mokhakhala, sefani ufawo. Zotsala musefa ndi zochepa poyerekeza ndi madeya a kukonola, ndipo zimalowa m'chigumu.

Za ulemuzo, palibe akuletsa ufa woyera pa chinkhoswe, pa Khirisimasi kapena apongozi akabwera. Nkhani pano ndi ya Lachiwiri masana, pomwe mlendo palibe koma ana alipo. Ndipo pakhomo pomwe abambo anenetsa kuti sangadye, palibe chifukwa choyambitsa nkhondo. Sabata yoyamba sakanizani kapu imodzi ya mgaiwa ku makapu atatu a ufa woyera, kenako theka ndi theka. Pali ngakhale njira yapakati ya gramil, yokonola koma osaviika, yomwe imataya zochepa kuposa ufa woyera ngakhale siifika pa mgaiwa.

Mfundo yachiwiri ndi yoti mgaiwa umatsegula m'mimba kapena kudzimbitsa. Zimachitikadi, ndipo zifukwa zake ndi zitatu zodziwika: nsima yosapsa, mimba yomwe sinazolowere gaga, ndi chimanga chakuda. Choyamba tachikamba. Chachiwiri chimatha chokha pakapita masiku ngati mwayamba mosakaniza. Chachitatu ndiye chachikulu, ndipo chikutifikitsa pa mfundo yomwe otsutsa ali ndi chilungamo chonse.

Kukonola ndi kuviika kumachotsadi gawo lalikulu la chuku ndi poizoni wake wotchedwa aflatoxin, amene amawononga chiwindi ndi kulepheretsa ana kukula. Kumachotsanso fumbi la mankhwala otetezera chimanga ku anankafumbwe. Mgaiwa umatenga zonse zomwe zili pakhungu la njere n'kuziika m'mbale, ndipo moto sumupha poizoniyo. Makolo aja ankadziwa zomwe ankachita. Choncho ndikuvomera poyera: chimanga chowola, chonunkha chinyontho, kapena chomwe mwagula osadziwa kumene chachokera ndipo chikuoneka chokayikitsa, musachigaye mgaiwa. Koma pa chimanga chabwinobwino, ntchito yoteteza banja ndi ya ola limodzi kupatula nthawi yoyanika, osati masiku atatu. Thirani palichero, petani, ndipo sankhani ndi manja njere zonse zakuda, zobiriwirira, zofota, zosweka ndi zofumbwa, chifukwa poizoniyo amaunjikana mu njere zochepa zoterezi. Kenako tsukani m'ndowa, zoyandama tayani, bwerezani mpaka madzi ayere, ndipo yanikani pamkeka kapena pathumba, osati padothi, mpaka njere ikamalira mukailuma. Chimanga chothira mankhwala chisadyedwe nthawi yolembedwa pabotolo isanakwane, ndipo chitsukidwe ndithu. Amene amasunga m'matumba osalowa mpweya monga a PICS vuto la mankhwalali alibe. Zosankhidwazo musapatse nkhuku kapena ng'ombe ya mkaka poganiza kuti mwapulumutsa. Poizoniyo amabwerera kudzera mu mkaka. Kusankha komweku kuchitikenso ndi mtedza musanasinje, chifukwa mtedza ndiye umagwidwa chuku msanga.

Mfundo yachitatu ndi yoti mgaiwa sukhalitsa. Zoona, ndipo wolakwa ndi mafuta omwe aja a m'kamtima: amasasa, ufa n'kuyamba kuwawa. Yankho lake ndi losavuta kwa aliyense amene ali pafupi ndi chigayo. Gayitsani wa masabata awiri okha. Ufa ukachoka kuchigayo umakhala wotentha, ndiye musaumangire m'thumba pompo. Uyaleni pamkeka uzizire ndi kuuma, kenako muuike m'chidebe chotseka bwino chosakhudza pansi kapena khoma. Kwa amene chigayo chili mtunda wa tsiku lonse, ndikuvomera kuti masamu asintha pang'ono, koma ngakhale iwo amapita kuchigayo kawiri pa ufa woyera umodzi.

Mfundo yachinayi imachokera kumudzi: madeya satayika, amadyetsa nkhuku ndi nkhumba, amagulitsidwa, ndipo m'chaka choipa amaphikidwa. Kwa mlimi amene ali ndi chimanga chofika mpaka kukolola kwina komanso khola lodzaza, mfundoyi ndi yomveka, akonole ndithu. Koma banja la ku Ndirande, Kawale kapena Chibavi lomwe likugula chimanga pandowa lilibe khola. Madeya ake amatsala pachigayo kapena amagulitsidwa pa mtengo wotsika kwambiri kuposa womwe adagulira chimangacho. Kugula chinthu pa mtengo wa chakudya cha anthu n'kuchigulitsa pa mtengo wa chakudya cha nkhumba, wamalonda aliyense angakuuzeni kuti mpamba ukutha.

Palinso mfundo ya ophunzira za zakudya, yoti gaga lili ndi zinthu zina zomwe zimatchinga ayironi ndi zinki kuti asalowe bwino m'thupi. Izi n'zoona, koma sizitanthauza kuti ufa womwe mulibe ayironi wokwanira ndiye wabwino. Zikutanthauza kuti ndiwo zisankhidwe mwanzeru. Tomato, masamba osapsetsa kwambiri, ndi chipatso cha nyengo yake monga gwafa, mango kapena malambe zimathandiza ayironi kulowa. Kansomba pang'ono kamathandizanso. Tiyi amachita zosiyana, ndiye asamwedwe pamodzi ndi nsima, adikire ola limodzi kapena awiri.

Apa wina afunsa: ndiwo zotsika mtengozo n'zotsikadi mtengo, poti nyemba zimadya makala? Funso labwino, chifukwa nyemba zouma zoteleka osaviika zimatha maola awiri kapena atatu pambaula. Komabe makala ambiriwo timawawotcha tokha. Sankhani nyemba madzulo, ziviikeni m'madzi ochuluka katatu usiku wonse, m'mawa tayani madziwo ndi kuthira atsopano. Zibwate mwamphamvu mphindi zosachepera 10 poyamba, makamaka nyemba zofiira, chifukwa zosabwata bwino zimapweteka m'mimba. Kenako chepetsani moto ndipo musamavundukule pafupipafupi. Zoviika zimapsa pa ola limodzi kapena ola ndi theka, kupatula nyemba zakale zomwe zimauma mutu. Tomato alowe zitafewa, chifukwa kuwawasa kwake kumalimbitsa khungu. Soda amafewetsa msanga koma amapha mavitamini a B omwe tikuwafunawo. Ofuna kupulumutsa makala ochuluka abwatitse nyemba zoviika mphindi 30, aphule mphika uli chivundikirire, aukulunge m'bulangeti lakale ndi kuuika m'dengu lothira nsanza kapena udzu wouma pansi ndi m'mbali. Pakatha maola atatu kapena anayi zimakhala zapsa, zongofunika kubwatitsanso ndi kukazingira. Theka la kilogalamu likwanira banja la anthu asanu ndi mmodzi kawiri, ngati pambali pali masamba. Zotsala zibwatitsidwe madzulo, ndipo zibwatitsidwenso m'mawa; kungofunditsa ndi kumene kumasasitsa. Ndipo nyemba zisakhale zamtundu umodzi sabata yonse: khobwe amapsa msanga, nandolo amatsika mtengo kumwera nthawi yokolola, nzama zimakhutitsa, ndipo chipere, chomwe ndi nyemba zoviika zochotsa makungu n'kuzipota, chimalowa bwino ngakhale kwa mwana wamng'ono ndi agogo opanda mano.

Nsinjiro ndiye ndimaziona kuti timazipeputsa. Mafuta ophikira akakwera mtengo, kapu imodzi ya mtedza wosinja imalowa m'malo mwa mafuta ndipo imabwera ndi mapulotini omwe mafuta a m'botolo alibe. Sadzulani nkhwani, utsukidwe usanadulidwe, osati utadulidwa, ulowe m'madzi ochepa owira kale omwe muli mchere, tomato pamwamba. Pakatha mphindi zisanu thirani nsinjiro pamwamba pa masambawo, vundikirani, ndipo zipse mphindi zina 8 mpaka 10 musanatakase kwenikweni. Nsinjiro zosapsa zimamveka uwisi ndipo zimavutitsa m'mimba; madzi ochuluka amasandutsa ndiwo kukhala dziwe; moto waukulu umapsereza pansi. Bonongwe, chisoso, khwanya, kholowa ndi mpiru zimatenderedwa chimodzimodzi. Chigwada chokha chimafuna kusinja ndi kuwiritsa nthawi yaitali, osachepera theka la ola, kuti ululu wake uchoke, ndipo pamenepa musafulumire. Nthawi ya dzinja, pomwe masamba amachita kutayidwa pamsika, ndiyo yofutsa: kuwaviika m'madzi owira mphindi ziwiri kapena zitatu, kuwayanika pamthunzi podutsa mphepo, ndi kusunga mfutsowo pouma kuti udzathandize mu Okutobala.

Usipa, bonya ndi matemba nazo zimapita patali zikaphikidwa mwanzeru. Kamulu kamodzi kokazinga paokha kamatha m'manja mwa akuluakulu awiri, ana n'kutsala ndi msuzi. Kamulu komweko kakalowa m'masamba otendera kapena m'nyemba, aliyense amapezapo. Tsukani m'madzi ofunda kuti mchenga utsike, ndipo musataye mitu ndi minga ya tinsomba tating'ono, chifukwa m'menemo ndi momwe muli zolimbitsa mafupa. Kwa mwana amene wakwanitsa miyezi isanu ndi umodzi, kazingani usipa pang'ono popanda mafuta, sinjani, sefani, ndipo muzithira supuni yaing'ono imodzi m'phala la mgaiwa pamodzi ndi supuni yaikulu ya nsinjiro. Phalalo likhale lolimba loti silikuyenderera pasupuni. Ngakhale Likuni Phala, yemwe amayi ambiri amamukhulupirira, maziko ake ndi omwewa: magawo anayi a chimanga ku gawo limodzi la soya wokazinga. Pakhomo zimatheka, bola soyayo akazingidwe mpaka fungo la uwisi lithe asanapite kuchigayo.

Mfundo yomaliza ndi ya ndale, ndipo ndiyo imakwiyitsa anthu kwambiri. Amati vuto si kaphikidwe, vuto ndi mitengo. Kwacha idagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilala cha 2024 chidachititsa boma kulengeza za ngozi m'maboma 23 mwa 28, ndiye kuuza anthu za mgaiwa ndi kuchotsa mlandu pa olamula n'kuuika pa mayi wa kukhitchini. Ndikugwirizana nawo kuti mlandu wa mitengo si wa mayi ameneyo, ndipo mgaiwa usakhale chophimbira aliyense amene walephera ntchito yake. Ndikudziwanso kuti pali makomo omwe sagula thumba kapena ndowa, amagula kaufa ka m'pepala ka tsiku limodzi, ndipo kwa iwo nkhani ya kusankha ufa ndi yapatali. Koma kudandaula za mitengo ndi kuphika mwanzeru sizilimbana. Munthu angathe kufunsa phungu wake za mtengo wa chimanga ku ADMARC m'mawa, madzulo n'kuviika nyemba. Komanso mgaiwa ndikanaulimbikitsa ngakhale chimanga chikanatsika mtengo mawa, chifukwa kupinimbira kwa ana kumapezeka ngakhale m'maboma omwe amakolola chimanga chochuluka, m'makomo momwe nsima yoyera imadzaza mbale koma ndiwo zili kadontho pakona. Azaumoyo akamanena za magulu asanu ndi limodzi a zakudya, mbale ya mgaiwa, nyemba, nkhwani wotendera wothira usipa pang'ono, ndi gwafa pambuyo pake yawakwaniritsa onse, popanda nyama ya kubutchala.

Chotsala ndi chakuti ogulitsa ufa pamsika ndi eni zigayo nawo achitepo kanthu. Mgaiwa wogulitsidwa m'mabeseni nthawi zambiri umachokera ku chimanga chomwe palibe adachisankha, ndipo wogula sangaone zomwe zidalowamo. Mpaka pomwe oyang'anira misika adzayambe kuuyang'anitsitsa, ndi bwino kugula chimanga chanjere chomwe mungachione ndi kuchinunkhiza, kuchisankha nokha, ndi kuimirira pachigayo mpaka ufa wanu utatuluka.